Halloween ku Glasgow: kayendedwe ka khomo ndi khomo ndi ana aang'ono

Mwezi wa Okotobala ukafika pakati, foni yanga imayamba kulira ndi funso limodzi lomwelo. Ofunsa amakhala makolo amene angofika kumene kuno ku Glasgow, ena odzagwira ntchito yosamalira okalamba, ena odzachita maphunziro. "Achemwali, mwana wabwera kuchokera kusukulu akulira, akuti anzake onse akayenda pa Halloween. Zimakhala bwanji zimenezi? Kodi n'zabwino?" Ndayankha pafoni, ndayankha panja pa tchalitchi, ndayankha ngakhale m'sitolo basiketi ili kumanja. Lero ndilembe kamodzi, kuti wodzafunsa mawa ndizingomutumizira. Ndikunena za ana aang'ono, a zaka 2 mpaka 7, amene sangayende okha usiku.

Tiyambe ndi mawu, chifukwa ndi amene amasokoneza anthu. Halloween ndi usiku umene ana amavala zodzizimbaitsa n'kumagogoda khomo ndi khomo kuti alandire maswiti, ndipo imachitika pa 31 Okotobala chaka chilichonse, kaya lagwa Lachiwiri kaya Loweruka, tsikuli silisuntha. Dzinali limanena za usiku wotsogolera tsiku la Oyera Onse, 1 Novembala, limene Akatolika ndi a Anglican kwathu amalidziwa bwino. Koma mizu yake ina ndi yakale kuposa pamenepo. Anthu akale a ku Scotland ndi ku Ireland anali ndi chikondwerero chotchedwa Samhain, chotsekera nyengo yokolola ndi kulowa m'nyengo yachisanu. Mawu akuti trick or treat amene mumamva pa TV ndi a ku America, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti "tipatseni kanthu, apo ayi tikuchitani chipongwe". Kuno ku Scotland mawu a eni nthaka ndi guising, kutanthauza kudzizimbaitsa, ndipo mwambowu uli ndi lamulo limodzi lalikulu: switi salandira ulele. Mwana amayamba waimba, wanena ndakatulo kapena nthabwala, kenako n'kupatsidwa. Kachionetsero kameneka amakatcha party piece. Mawu amenewa muwasunge, tibwererako.

1. Gwirizanani kaye m'nyumba, sabata isanafike

Kwathu nkhani ya mfiti, mizukwa ndi manda si yoseweretsa, ndipo palibe chifukwa chochitira manyazi ngati mtima wanu ukukana. Ineyo ana anga ndimawatenga. Ndili ndi anzanga opemphera nawo limodzi amene satero, ndipo ndimawalemekeza. Chimene ndimakana ndi chakuti amayi avomere, mwana avale kale, ndiye abambo akuchokera kuntchito 5 koloko n'kunena kuti m'nyumba muno zimenezi ayi. Wovulala pamenepo ndi mwana, amene sakumvetsa chimene walakwa.

Mukasankha kusapita, muuzeni mwana masiku akadalipo, ndipo muuzeni chifukwa chake m'mawu amene angakabwereze kwa anzake. Matchalitchi angapo kuno amakonza phwando la ana usiku womwewo lotchedwa light party, lopanda zoopsa, ndipo mungafunse ku mpingo wanu. Muwadziwitsenso aphunzitsi, chifukwa sukulu zambiri ndi za mkaka zomwe zimakhala ndi tsiku lovala zodzizimbaitsa kapena disiko ya Halloween.

Ena amandifunsa ngati zili ngati gule wamkulu. Ayi ndithu. Gule ali ndi dambwe, ali ndi eni ake ndi malamulo ake. Apa ndi ana a aneba ovala nsalu zogula ku Asda. Pachifukwa chomwecho, musamuveke mwana mofanizira gule kuti akasangalatse anthu mumsewu. Ndipo musanatumize zithunzi pa WhatsApp ya banja, awuzeni kaye agogo kumudzi chimene chikuchitika, asaone mdzukulu atajambulidwa mafupa kumaso popanda wowafotokozera.

2. Sankhani msewu kukuwala

Si khomo lililonse limene limagogodedwa. Nyumba imene ikulandira ana imaika chizindikiro: dzungu losemedwa lowala mkati, zokongoletsa pawindo, kapena nyale yapakhomo yoyaka pamodzi ndi zokongoletsazo. Nyumba yamdima, yotseka makatani, mwini wake sakufuna, mupitirire. Okalamba ena amamata chikwangwani pachitseko chopempha kuti asagogodedwe, ndipo pempho limenelo n'lofunika kulimvera.

Pa 29 kapena pa 30 Okotobala, pochokera kusukulu, yendani ndi mwana mumsewu wanu ndi misewu iwiri yoyandikana nayo, muziwerenga nyumba zokongoletsedwa. Kwa mwana wa zaka 3, makomo 5 kapena 6 akwana. Wa zaka 6 angafike 10 kapena 12. Funsaninso makolo anzanu pageti la sukulu kuti chaka chatha anayenda kuti.

Ambirife timakhala m'ma tenement, nyumba zamiyala zija zosanjikiza katatu kapena kanayi, zokhala ndi khomo limodzi ndi masitepe a onse, amene eni kuno amawatcha close. M'nyumba zotere musamangodina mabelu onse pakhomo lapansi. Gogodani mu close yanu yokha, kwa aneba amene akongoletsa chitseko chawo kapena amene munawafunsiratu. Masitepe ake ndi amwala, ndipo kukagwa mvula amaterera, choncho pulamu ya mwana siyani pansi kapena m'berekeni kumbuyo ndi chitenje pansi pa jekete. Misewu yokhala ndi nyumba za pazokha, zageti ndi kadimba kutsogolo, ndiyo yophweka kwa ana aang'ono.

Pali amene amakwera galimoto kupita kumadera a anthu olemera chifukwa akuti maswiti ake ndi ambiri. Ine sindilimbikitsa zimenezo. Mwana wamng'ono amafuna chimbudzi mwadzidzidzi, amatopa mwadzidzidzi, ndipo phindu lenileni la usikuwu ndi lakuti aneba anu akudziweni, mawa muzipatsana moni pa basi.

3. Chovala: chofunda poyamba, kukongola pambuyo

Kumapeto kwa Okotobala kuno kumazizira, ndipo mvula yowaza siichedwa. Zovala za m'masitolo n'zopyapyala ngati neti ya udzudzu. Gulani chokulirapo kuti mkati mulowe juzi ndi buluku lofunda. Kumapazi jombo za mvula ndi sokosi ziwiri. Chovala chisakwekwereze pansi, mwana angapunthwe pa masitepe.

Simukusowa kuwononga mapaundi ambiri. Masitolo a zakaunjika a mabungwe achifundo amadzaza ndi zovalazi mwezi uno, ndipo ku Poundland kapena ku B&M mumapezeka zipewa ndi tindowa totsika mtengo. Simukukakamizidwanso kumuveka za ufiti. Mwana angakhale mkango, dokotala, wozimitsa moto, gulugufe. Wanga wamkulu chaka china anali mfumukazi: chitenje changa chofiira kumapewa, chisoti cha katoni chokutidwa ndi pepala lonyezimira lakukhitchini, ndipo pakhomo lililonse ankafunsidwa kumene nsaluyo inachokera.

Zinthu ziwiri musazitenge mopepuka. Choyamba ndi moto. Nsalu zambiri za zovalazi zimayaka msanga. Mu 2014 mwana wa Claudia Winkleman, muulutsi wa pa BBC, anapsa kwambiri chovala chake chitakhudza kandulo pa Halloween, ndipo kuyambira pamenepo nkhaniyi imakambidwa chaka chilichonse. Pogula yang'anani chizindikiro cha CE kapena UKCA pa lebulo, chosonyeza kuti chovalacho chikutsata malamulo a chitetezo, komabe chizindikirocho sichitanthauza kuti nsaluyo singapse. Mwana asayandikire dzungu la kandulo yeniyeni. Mphunzitseni kuti chovala chikagwira moto asathamange, aime, agone pansi, agubuduke. Popsapo muthire madzi ozizira apampopi kwa mphindi 20, osati mafuta, osati mankhwala otsukira mano, ndipo ngati chilonda n'chachikulu imbani 999, nambala ya zadzidzidzi.

Chachiwiri ndi chigoba chakumaso. Kwa mwana wamng'ono chisiyeni. Chimatseka maso m'mbali, mwana saona galimoto, komanso chimamutopetsa kupuma. Penti yakumaso ndi yabwinoko, koma muyese kaye pang'ono pamkono dzulo lake kuti muone ngati khungu likuyabwa.

4. Konzekerani party piece: apa ndi pamene ambiri timagwa

Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwera ku America, ndiye gawoli mulibe. Kuno achinyamata ena amangopereka switi osafunsa kanthu, koma achikulire ambiri amafunabe kachionetsero, ndipo amakhala ataudikira usikuwu ndi mtima wonse.

Chaka chathu choyamba sindinkadziwa zimenezi. Tinagogoda kwa mayi wina wachikulire wa pansi pathu. Anatsegula, mbale ya maswiti ili m'manja, anawerama mpaka maso ake analingana ndi a mwana wanga, n'kumufunsa mwachikondi kuti amuchitira chiyani. Mwana anangoti chilili, chala chili kukamwa. Anayang'ana pansi, kenako anabisala kumbuyo kwa siketi yanga n'kuyamba kulira. Mayi uja anamupatsabe chokoleti, koma mwana anakana khomo lachiwiri, ndipo tinabwerera m'nyumba tisanathe mphindi 10.

Nditaganiza bwino ndinaona kuti mwanayo sanalakwe. Ndinamulera ine kuti asamayang'ane wamkulu m'maso, asamalankhule pamaso pa alendo asanafunsidwe kawiri, ndipo koposa zonse asamapemphe chakudya kunyumba za eni. Ndiye usiku umodzi wokha ndinafuna kuti achite zitatu zonsezo, mumdima, kwa munthu wachilendo wolankhula Chingerezi cha ku Glasgow chimene ngakhale ine chinkandidutsa. Mwana woleredwa mwa kwathu amafunika kukonzedwa maganizo, ndipo kukonzako kumatenga sabata.

Yambani ndi kumufotokozera kuti uku si kupempha. Muuzeni kuti anthuwo agula maswiti dala, akudikira ana, ndipo iye akuwapatsa nyimbo, iwo akumuthokoza ndi switi. Muuzeninso momveka kuti izi ndi za usiku umodzi wokha pachaka, ndipo pokhapokha amayi kapena abambo ali pomwepo. Masiku ena onse lamulo ndi lakale lija: za munthu wosamudziwa salandira. Mwana wa zaka 4 amatha kusiyanitsa zimenezi ngati mwamuuza kangapo.

Kenako sankhani kachionetsero kamodzi, kafupi, kosapyola masekondi 20. Kangakhale vesi imodzi ya nyimbo ya kusukulu ya mkaka imene amaimba kale posamba. Ingakhale nyimbo ya ana ya kwathu, m'Chichewa momwemo, ndi kuwomba m'manja. Musaope kuti sakamva, anthu kuno amakondwa kwambiri ndi chinthu chimene sanachimvepo, ndipo ambiri akamva kuti ndinu a ku Malawi amayamba kukamba za David Livingstone ndi Blantyre wa kuno, amene ali kufupi ndi Glasgow. Chimene chinatithandiza ife ndi ndagi. Ndinamasulira ija yoti "nyumba yanga yopanda khomo", yankho lake dzira. Mwana amafunsa, mwini nyumba amaganiza, amalephera, mwana n'kuulula akuseka. Ndagi ndi yabwino kwa mwana wamanyazi chifukwa ntchito yambiri imagwa kwa wamkuluyo.

Tsopano yeserani, ndipo yeserani pachitseko chenicheni. Mwana atuluke panja pa chipinda, agogode, inu mutsegule ngati mlendo. Tsiku loyamba mukhale mlendo wansangala. Tsiku lachiwiri mukhale wosamva bwino, wopempha kuti abwereze. Tsiku lachitatu abambo atsegule atavala chipewa chachilendo, magetsi atazimitsidwa pang'ono. Tsiku lachinayi pemphani mnzanu kapena neba kuti mukayesere kwa iye masana. Mwana wofika pa 31 atagogoda kale kangapo saopa khomo.

Kwa wa zaka 2 kapena 3 musayembekeze zambiri. Akabangula ngati mkango, akavina pang'ono, kapena akangokweza dzanja, zakwana. Ngati ali ndi mkulu wake, aimbe pamodzi. Ndipo akakanika pakhomo, musamukalipire, musamukankhe kuti "lankhula iwe", musapepese mochititsa mwana manyazi. Gwadani pambali pake, yambani nyimboyo inuyo motsitsa. Nthawi zambiri amalowa pa mzere wachiwiri. Akapanda kulowa, malizani nokha, thokozani, pitani khomo lina.

5. Nthawi yonyamuka ndi zonyamula

Mawotchi kuno amabwezedwa m'mbuyo ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okotobala, pamene kusiyana kwa nthawi ndi kwathu kumachoka pa ola limodzi kufika pa maola awiri. Choncho pa 31 dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko. Tulukani cha m'ma 5 koloko kapena hafu pasiti, mubwerere isanakwane 7. Pambuyo pake mumsewu mumadzaza ana akuluakulu ovala zoopsa kwambiri, ndipo makombola amayamba kuphulika chifukwa 5 Novembala, usiku wa makombola, wayandikira.

Mwana adye kaye nsima kapena chilichonse chokhutitsa, apite kuchimbudzi, ndiye avale. Wanjala amayamba kudya maswiti panjira ndipo amavuta msanga. Nyamulani tochi, kandowa ka mwana, thumba lanu lokhuthuliramo kandowako kakalemera, ndi ambulera. Mumate tepi yonyezimira pa chovala ndi pa kandowa kuti oyendetsa galimoto amuone. Nambala yanu ya foni ilembeni pakapepala muike m'thumba mwake. Wamkulu mmodzi asapyole ana atatu aang'ono.

Mumsewu malizani mbali imodzi yonse, muwoloke kamodzi pamalo owolokera, ndiye mubwerere mbali inayo. Ana akaona dzungu lowala tsidya lina amathamanga osayang'ana, ndipo amatulukira pakati pa magalimoto oimikidwa pamene woyendetsa sangawaone. Dzanja la mwana lisachoke m'dzanja lanu powoloka.

6. Pakhomo penipeni

Gogodani kamodzi kapena imbani belu kamodzi, mudikire pang'ono. Kukapanda kuyankhidwa, chokani. Ngati pali gulu lina pakhomo, dikirani pageti mpaka amalize. Inu muime sitepe imodzi kumbuyo kwa mwana, pamene mwini nyumba akukuonani. Ena achikulire amaitana ana kulowa pabalaza kuti akaimbire momwemo, monga zinkachitikira kale. Ngati ndi neba wanu ndipo mukulowa nawo limodzi, palibe vuto. Mwana yekha asalowe m'nyumba ya munthu, ndipo mungakane mwaulemu kuti aimbira pompano.

Akamuonetsa mbale, atenge chimodzi pokhapokha atauzidwa kuti atenge zambiri. Kulandira ndi manja awiri kuja musamuletse, anthu amakuona ndipo amakukonda. Nyumba zina zimasiya mbale panja popanda munthu, ndipo lamulo ndi lomwelo, chimodzi kapena ziwiri. Kumbukiraninso kuti mawu a trick aja ndi mawu chabe. Kuponya mazira kapena ufa panyumba ya munthu ndi mlandu wa apolisi.

Mukaona nyumba yokongoletsedwa moopsa, yokhala ndi zidole zokuwa kapena utsi, muyang'aneni mwana kumaso musanalowe pageti. Akagwira mwendo wanu, ipitirireni. Akanena kuti watopa, ngakhale pakhomo lachitatu, bwererani.

7. Maswiti adyedwe kunyumba, inu mutaona

Ndikudziwa mantha amene tinakula nawo a kudyetsedwa zoipa ndi anthu. Njira yowathetsera ndi lamulo losavuta: panjira sadya kanthu. Mukafika, khuthulani zonse patebulo pansi pa getsi. Chotseguka, chong'ambika kapena chopanda pepala, tayani. Zophika pakhomo, monga tablet, switi ya shuga ndi mkaka ya kuno, sungani zochokera kwa anthu amene mukuwadziwa.

Kwa mwana wosakwana zaka 5 chotsani maswiti olimba ozungulira, chingamu, ndi ofewa otafunika aja oyera ndi apinki otchedwa marshmallows, chifukwa amatsamwitsa. Kuno achikulire amakonda kupereka mtedza wamakoko, umene amautcha monkey nuts, pamodzi ndi maapozi ndi manachesi. Kwathu mtedza ndi chakudya cha tsiku lililonse, koma a zaumoyo kuno amaletsa kupatsa mtedza wathunthu mwana wosakwana zaka 5, ndipo ngati mwana wanu thupi lake limadana ndi mtedza, mkaka kapena mazira, werengani pepala lililonse. Zinthu zoterezi zimalembedwa ndi zilembo zakuda kwambiri. Abale athu Achisilamu, yang'anani mawu akuti gelatine: maswiti ambiri otafunika, kuphatikizapo ambiri a Haribo, ali ndi gelatine ya nkhumba. Mwana akadwala usiku koma si zadzidzidzi, imbani 111, nambala ya uphungu wa zaumoyo.

Adye ziwiri kapena zitatu, atsuke mano, zotsala mubise pamwamba muzitulutsa pang'onopang'ono.

8. Ngati mukufuna kulandira ana kwanu

Gulani dzungu pa 28 kapena pa 29, chifukwa likasemedwa limaola m'masiku ochepa. Maungu osema awa ndi amadzi, sakoma ngati akumudzi, koma nthanga zake mungakazinge. Kale kuno ankasema neep, mpiru wa mutu waukulu wolimba ngati mwala, ndipo okalamba akuuzani mmene manja ankapwetekera. Mpeni ugwire ndinu, mwana ajambule nkhope ndi kukumba zamkati ndi supuni. Mkati muike kanyale ka batire m'malo mwa kandulo, koma onetsetsani kuti chotsekera batire n'chomangidwa ndi sukulufu. Timabatire tating'ono tozungulira tija mwana akameza timawotcha kummero, ndipo zikatero thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo osadikira zizindikiro.

Gulani maswiti okutidwa limodzilimodzi, ndipo sungani pambali timasitika kapena mapensulo a ana amene sadya zina. Mwana akabwera ndi nthabwala yake, mvetserani mpaka amalize, ngakhale mwaimva kale kanayi usiku womwewo. Maswiti akatha, kapena ikakwana 8 koloko, lowetsani dzungu m'nyumba, zimitsani nyale yapakhomo, tsekani makatani, ndipo kugogoda kumatha.